Mafunso ndi mayankho: kalembedwe ndi nambala za matenda pamene chithunzi cha mapapo chaonetsa zachilendo

Tsamba lino talembera anthu amene ntchito yawo imakhudza fayilo ya wodwala muno mu Blantyre: akalaliki osunga marekodi, anamwino, madokotala amene angoyamba kumene ntchito, ophunzira za umoyo, komanso wodwala aliyense amene watsegula buku lake la kuchipatala n'kupezamo chilembo ndi manambala zimene palibe anamufotokozera. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera munthu akajambulidwa pachifuwa, chithunzi n'kuonetsa kanthu kamene sikanayenera kukhalapo.

Kodi nambala ya matenda n'chiyani, ndipo imachokera kuti?

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lili ndi mndandanda wa matenda, zizindikiro ndi zifukwa zopitira kuchipatala, wotchedwa ICD, ndipo chilichonse mu mndandandawo chili ndi nambala yake, imene ogwira ntchito ambiri amangoitchula kuti khodi. Mndandanda wa ICD-10 unavomerezedwa mu 1990 ndipo maiko anayamba kuugwiritsa ntchito mu 1994. Nambala iliyonse imayamba ndi chilembo, kenako manambala awiri, ndipo nthawi zambiri pamakhala kadontho ndi nambala ina yolongosola bwino. Cholinga chake n'chakuti chibayo cholembedwa ku Ndirande ndi chibayo cholembedwa ku Geneva ziwerengedwe ngati chinthu chimodzi, ngakhale olembawo amayankhula zinenero zosiyana. Ziwerengero za unduna, kafukufuku, kaundula wa imfa ndiponso mafomu a inshulansi ya zaumoyo zonse zimatsamira pa nambala zoterezi.

Chithunzi chaonetsa kanthu, koma matenda sanadziwike. Tilembe nambala iti?

Mu ICD-10 ya WHO nambala yake ndi R91, ndipo tanthauzo lake ndi zachilendo zooneka pa chithunzi cha mapapo. Imaphatikiza banga lozungulira ngati kobiri komanso chotupa cha m'phapo chimene sichinadziwike mtundu wake. Nambalayi ili m'mutu wa 18 wa mndandandawo, kuyambira R00 mpaka R99, umene unaikidwa kuti usunge zizindikiro ndi zotsatira za kuyeza zimene sizinapeze dzina la matenda. M'mutu womwewo muli chifuwa wamba, R05, ndi kutsokomola magazi, R04.2.

Munthu akalemba R91 akunena zoona zitatu nthawi imodzi: wodwala wajambulidwa, chithunzi sichili bwino, ndipo chimene chachititsa sichinadziwike. Palibe chamanyazi m'menemo. Chamanyazi ndi kulemba dzina la matenda limene palibe walitsimikizira, pofuna kuti fomu ioneke yodzaza.

Pa intaneti ndimaona R91.1 ndi R91.8. Bwanji m'buku lathu mulibe?

Nambala ziwirizi n'za ICD-10-CM, mndandanda umene dziko la United States linakonza pa zosowa zake ndipo linayamba kuugwiritsa ntchito pa 1 Okutobala 2015. Kumeneko R91.1 ndi kabanga kamodzi kokha ka m'phapo, pamene R91.8 ndi zachilendo zina zonse. Mu ICD-10 ya WHO, R91 siigawidwa. Masamba ambiri a pa intaneti analembedwera anthu olipiritsa ndalama m'zipatala za ku America, choncho wophunzira wa ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS kapena kalaliki amene akufufuza pa foni amagwera m'menemo osadziwa. Funsani kaye kuti malo anu a ntchito, kapena bungwe limene mukulitumizira fomu, likutsata mndandanda uti, ndipo musasakanize iwiriyi mu kaundula mmodzi, chifukwa kusiyana kwake sikuthera pa R91 pokha.

Kuno TB ndi yambiri. Mthunzi ukaoneka kumtunda kwa phapo, bwanji osangolemba TB?

Funso ili ndi limene latichititsa kulemba tsamba lonseli. N'zoona kuti mu Blantyre chifuwa chachikulu cha TB ndicho choyamba kuganizira, ndipo dokotala amene saganizira TB akaona mthunzi wotere walephera ntchito yake. Koma kuganizira ndi kwina, kutsimikiza ndi kwina. Chithunzi cha X-ray chimangosonyeza pamene kuwala kwa makinawo kwadutsa mosavuta ndi pamene kwatsekerezedwa. Mpweya umaoneka wakuda, mafupa amaoneka oyera, ndipo mafinya, madzi, magazi, chipsera ndi chotupa zonse zimaoneka zoyererako mofanana ndithu. Mthunzi umodzimodziwo ungathe kukhala TB, chibayo, khansa ya m'mapapo, khansa ya Kaposi mwa munthu amene chitetezo cha m'thupi chatsika, chibayo cha Pneumocystis, fumbi la m'migodi, kapena chipsera cha TB imene inachira zaka khumi zapitazo.

Ndiye taganizirani zimene zimatsatira dzina lolakwika. Munthu amalowa mu kaundula wa TB, amamwa mankhwala miyezi 6, a pabanja pake amayezedwa, ndipo aliyense amene adzamuone pambuyo pake amayamba wawerenga mawu akuti TB m'buku lake asanamumvere n'komwe pachifuwa. Ngati chinali chotupa cha khansa, miyezi 6 imeneyo ndiyo inali nthawi yake yopezera thandizo. Ngati sanachire, kawirikawiri maganizo amathamangira ku TB yosamva mankhwala, osati ku funso lakuti mwina sinali TB poyamba pomwe. Ziwerengero za boma nazo zimatupa ndi anthu amene sanadwalepo matendawa.

Mndandanda wa ICD-10 umasamala kwambiri kusiyana kumeneku. A15 ndi TB ya m'njira zopumira imene yatsimikizidwa poyeza makhololo kapena kachidutswa ka mnofu. A16 ndi TB ya m'njira zopumira imene sinatsimikizidwe motero, koma dokotala, ataona zizindikiro, chithunzi ndi mbiri ya wodwala, wagamula kuti ndi TB ndipo wayambitsa mankhwala. R91 ndi pamene chigamulo chotere chisanaperekedwe. Masitepe atatuwa ndi osiyana, ndipo wolemba ayenera kudziwa kuti wodwala wake ali pa liti. Makina oyezera TB m'makhololo a GeneXpert, amene WHO inavomereza mu Disembala 2010, amatulutsa zotsatira m'maola pafupifupi awiri, motero nthawi zambiri mtunda wochoka pa R91 kufika pa A15 si wautali ngati makhololo atengedwa tsiku lomwelo.

Dokotala walemba chizindikiro cha funso kutsogolo kwa dzina la matenda. Kodi timaika nambala ya matendawo?

Apa malamulo amasiyana, ndipo ndi bwino kuwadziwa onse awiri. Malangizo a WHO a ICD-10 amati, wodwala akamatuluka matenda aakulu akadali olembedwa kuti ndi ongoganiziridwa, ndipo palibe kwina kopeza tsatanetsatane, aikidwe nambala ngati kuti atsimikizidwa. Malangizo a ku United States amalola zimenezi kwa wodwala wogonekedwa, koma kwa wongoonedwa n'kubwerera kunyumba amaletsa, ndipo amati ilembedwe nambala ya chizindikiro kapena ya chimene chaoneka.

Mawu ofunika kuwagwiritsitsa ndi akuti palibe kwina kopeza tsatanetsatane. Dokotala amene walemba chizindikiro cha funsocho kawirikawiri amakhala ali pa wodi yomweyo, ndipo zotsatira za makhololo zimakhala zili ku labotale. Kalaliki apite akafunse asanaike nambala. Pa matenda olemera ngati TB ndi khansa, amene ali ndi makaundula awoawo, ife timaona kuti kufunsa si ulemu chabe koma udindo.

Kodi lipoti labwino la chithunzi cha pachifuwa liyenera kunena chiyani?

Nambala singapose mawu amene yachokerako. Lipoti likangoti chithunzi sichili bwino, kapena likangoti pali mthunzi, ngakhale kalaliki waluso chotani sangatulutsemo kanthu, ndipo dokotala wa ku Limbe kapena ku Zingwangwa amene adzalandire wodwalayo mwezi wamawa adzayambanso pachiyambi.

Choyamba ndi dzina la wodwala, zaka zake, tsiku lojambula ndi chifukwa chojambulira. Kenako mtundu wa chithunzi: kodi ndi X-ray kapena CT (chithunzi cha makina ojambula m'kati mwa thupi magawomagawo), ndipo ngati ndi X-ray, wodwala anaimirira kuwala n'kulowera kumsana, kapena anajambulidwa ali gone pabedi kuwala n'kulowera kutsogolo? Zimenezi si zazing'ono, pakuti chithunzi cholowera kutsogolo chimakuza mtima, ndipo munthu amene sanakoke mpweya wokwanira mapapo ake amaoneka odetsedwa kumunsi ngakhale ali bwinobwino. Wowerenga anene poyera ngati chithunzicho chili chosaoneka bwino.

Chachiwiri ndi malo. Phapo la kumanja lili ndi zigawo zitatu, la kumanzere ziwiri, ndipo lipoti linene mbali ndi dera, kumtunda, pakati kapena kumunsi. Kumbukirani kuti poyang'ana chithunzi, kumanja kwa wodwala kumakhala kumanzere kwa woyang'ana, ndipo ophunzira ambiri amasokoneza pomwepa. Nambala ya R91 sinena mbali, choncho mbaliyo ikapanda kulembedwa m'mawu ndiye kuti yatayika.

Chachitatu ndi maonekedwe: kukula kwake m'mamilimita kapena m'masentimita, kuchuluka kwake, m'mphepete mwake ngati ndi mosalala kapena mwa minga, ngati mkati muli mphako, ngati muli kuuma konga fupa, ndiponso ngati pali madzi kapena mwanabele wotupa pakati pa chifuwa. Chachinayi, chimene chimaiwalika koposa zonse, ndi kuyerekeza ndi chithunzi chakale. Kabanga kolimba kamene kakhala kosasintha kwa zaka ziwiri kamadetsa nkhawa pang'ono kuyerekeza ndi kamene kakula m'miyezi itatu, ndipo palibe njira yodziwira zimenezi popanda chithunzi choyamba kapena lipoti lake lokhala ndi miyeso.

Pomaliza lipoti linene chochita, ndani achite, ndiponso liti. Mawu akuti wodwala adzaonedwenso sathandiza munthu. Mawu akuti makhololo ayezedwe lero, ndipo ajambulidwenso pakatha masabata 6 atamaliza mankhwala a chibayo, ndiwo amene namwino angathe kuwatsata.

Kabanga ndi chotupa zimasiyana bwanji?

Akatswiri a zithunzi amadula malire pa masentimita 3. Chozungulira chosapitirira masentimita 3 ndi kabanga, chimene pa Chingerezi amati nodule, ndipo choposa pamenepo ndi chotupa, chimene amati mass ndipo chimaganiziridwa kuti ndi khansa kufikira zitadziwika kuti si khansa. Zonse ziwiri, zisanadziwike mtundu, zimalowa mu R91 ya WHO.

Malangizo a bungwe la Fleischner Society a mu 2017 amagawa timabanga tolimba topezeka mwangozi pa CT m'magulu atatu: tosafika mamilimita 6, ta mamilimita 6 mpaka 8, ndi toposa mamilimita 8, ndipo gulu lomalizali ndilo lofuna kufufuzidwa msanga. Koma malangizowa analembedwera anthu a zaka 35 kupita m'tsogolo amene alibe khansa yodziwika ndipo chitetezo chawo cha m'thupi chili bwino. Odwala athu ambiri ali ndi kachilombo ka HIV, ndipo kwa iwo kabanga kakang'ono kangathe kukhala matenda opatsirana ofuna mankhwala sabata yomweyo. N'chifukwa chake m'mene munthu alili pa nkhani ya HIV, ndiponso ngati akumwa ma ARV, ziyenera kulembedwa pa fomu yopempha chithunzi.

Matenda akadziwika, kodi R91 imatsalabe?

Ayi. Dzina la matenda likapezeka, ndilo limatenga malo, ndipo chimene chinaoneka pa chithunzi chimakhala gawo la matendawo. Chibayo chosadziwika kachilombo kake ndi J18.9. Khansa yoyambira m'phapo ndi C34, ndipo yochokera kwina n'kufalikira ku mapapo ndi C78.0, pamodzi ndi nambala ya kumene inayambira. Mu ICD-10 ya WHO, matenda a HIV amene abweretsa TB ali ndi nambala yawo, B20.0, ndipo amene abweretsa khansa ya Kaposi ndi B21.0. Zolembedwa za tsiku loyamba sizifufutidwa, chifukwa pa tsikulo R91 inali yoona. Chimene chimasintha ndi nambala ya ulendo wotsatira ndi ya pa chikalata chotulukira.

Vuto limene timaliona kawirikawiri ndi la mbali inayo: R91 imalembedwa, wodwala amapita kwawo, ndipo palibe amene amabwereranso ku funsolo. Chipatala chilichonse, chaching'ono kapena chachikulu, chingathe kusunga kabuku kamodzi ka anthu a R91, kokhala ndi tsiku loti abwerenso ndi nambala ya foni, n'kumakatsegula kamodzi pa mwezi. Sizifuna kompyuta.

Nanga munthu amene anadwalapo TB n'kuchira, koma chithunzi chake chikuonetsabe mithunzi?

Anthu otere alipo ambiri mu mzinda uno, ndipo amavutika ndi kalembedwe kosasamala kuposa wina aliyense. TB ikachira imasiya zipsera, mphako, kukhuthala kwa kansalu kokuta phapo, ndi timipaipi ta mpweya totambasuka tosunga makhololo. Munthuyo amatsokomolabe, amabanika akakwera chitunda cha ku Bangwe kapena ku Chilomoni, ndipo akajambulidwa pa chipatala chimene sichikumudziwa, chithunzicho chimafanana ndi cha TB yatsopano. Ena amwa mankhwala a TB kawiri kapena katatu makhololo awo asanaonetsepo kachilombo ulendo wachiwiriwo.

ICD-10 ili ndi malo a anthu amenewa. B90.9 ndi zotsalira za TB ya m'njira zopumira, ndipo imayendera limodzi ndi nambala ya vuto limene latsalalo, monga J47 ya timipaipi totambasuka. Dokotala akagamula kuti mithunziyo ndi zipsera zakale, nambala yake si A16 ndipo si R91. Koma chigamulocho chibwere makhololo atayezedwa, popeza TB imabwereranso, ndipo m'mphako yakale mumatha kumera nkhungu ya Aspergillus imene imatsokomoletsa magazi. Chinthu chothandiza kwambiri ndi chithunzi chojambulidwa pomaliza mankhwala a TB, ndi mzere umodzi m'buku la kuchipatala wonena zimene zatsala ndi mbali yake.

Kodi mbiri ya ntchito ndi ya fodya imakhudza bwanji nambala?

Imakhudza chifukwa ndiyo imatsegula maso a wowerenga chithunzi. Dzina la Wenela muno mu Blantyre likutikumbutsa abambo ambiri amene anapita ku migodi ya ku Joni, ndipo fumbi la miyala limene anapuma limatha kuoneka patapita zaka zambiri ngati timadontho tambirimbiri kumtunda kwa mapapo onse awiri, tofanana ndi TB yomwazika. Matendawa ndi silikosisi, J62, ndipo akakhala pamodzi ndi TB nambala yake ndi J65. Oswa miyala m'makwale nawonso amapuma fumbi lomwelo. Kwa munthu wotere nambala yolondola ingathe kukhala umboni pa nkhani ya chipukuta misozi. Funsani za fodya, kuchuluka kwake ndi zaka zake, wopichira yemwe, ndiponso za utsi wa nkhuni ndi makala kwa amayi amene aphika m'khitchini yopanda zenera moyo wawo wonse. Fomu yopempha chithunzi yolembedwa mawu amodzi akuti chifuwa imamana wowerenga zonsezi.

Madzi m'chifuwa kapena mtima waukulu, kodi nazo ndi R91?

Ayi, zili ndi nambala zawo. Madzi ozungulira phapo osadziwika chiyambi ndi J90, ndipo akadziwika kuti ndi a TB amapita ku A15.6 kapena A16.5. Mpweya wotsekeredwa kunja kwa phapo ndi J93. Mtima wokula ndi I51.7. R91 ndi ya zooneka m'phapo zimene zilibe kwina kolowa.

Kompyuta yawerenga chithunzi n'kupereka nambala yokwera. Kodi imeneyo ndi TB?

Mu Malichi 2021 WHO inavomereza mapulogalamu a kompyuta owerenga zithunzi za pachifuwa pofufuza TB mwa anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo, ndipo njirayi inayesedwapo muno mu Blantyre pa chipatala cha Bangwe. Ndi chida chothandiza m'dziko limene akatswiri owerenga zithunzi ndi ochepa. Koma chimene pulogalamuyo imatulutsa ndi muyeso wa kufanana kwa chithunzicho ndi zithunzi za TB, ndipo ntchito yake ndi kusankha anthu oti apereke makhololo. Chipsera chakale chimakweza muyesowo, ndipo muyeso wotsika sutanthauza kuti m'phapo mulibe chotupa. Lembani dzina la pulogalamu, muyeso umene yapereka ndi malire amene malo anu akutsata, koma nambala ya matenda idikire dokotala ndi labotale. Munthu amene wangobwera kudzafufuzidwa TB alibe chodandaula amalembedwa Z11.1.

Kodi kalaliki angathe kusankha yekha matenda powerenga lipoti la chithunzi?

Ayi. Ntchito ya kalaliki ndi kumasulira mawu a dokotala wosamalira wodwalayo kukhala nambala, osati kupeza matenda. Lipoti la chithunzi likanena kuti maonekedwe akufanana ndi khansa, koma dokotala sanalembe khansa, C34 siyenera kulembedwa. Zolembedwa zikatsutsana, kapena malembedwe akapanda kuwerengeka, fayilo ibwerere kwa mwini wake ndi funso lolembedwa, lopanda kumukankhira ku yankho lililonse. Tikudziwa kuti kwa kalaliki wachinyamata kugogoda pa chitseko cha dokotala wamkulu n'kunena kuti pepani adokotala, apa sindinamve bwino, kumafuna mtima, makamaka pa chipatala chodzaza ngati cha Gulupu pamene mzere wa odwala wafika panja. Madokotala nawo ayenera kulandira funso lotere ngati gawo la chisamaliro cha wodwala.

Nambala yalembedwa molakwika. Tikonze bwanji?

Dulani mzere umodzi pa cholakwikacho kuti chiziwerengekabe, lembani cholondola pambali, kenako tsiku ndi siginecha yanu. Musafufute, musamate ndipo musang'ambe tsamba. Ngati nambalayo inapita kale mu lipoti la pamwezi, mu kaundula wa TB kapena ku inshulansi, uthenga wokonza upitenso komweko.

Kodi R91 ingalembedwe ngati chimene chapha munthu?

Mthunzi wa pa chithunzi supha munthu, chimapha ndi matenda amene anabweretsa mthunziwo. Nambala za m'mutu wa 18 zimawerengedwa ngati zifukwa zosalongosoka za imfa, ndipo zikachuluka mu kaundula zimabisa matenda enieni amene akutha anthu. Dokotala wolemba chikalata cha imfa alembe matenda amene, malinga ndi nzeru zake zonse, ndiwo anayambitsa mndandanda wa zochitika mpaka imfa.

Kodi ICD-11 isintha zonsezi?

ICD-11 inavomerezedwa mu Meyi 2019 ndipo inayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2022, koma dziko lililonse likusamukirako pa nthawi yake. Nambala zake n'zosiyana ndi za ICD-10, ndipo imalola kuwonjezera nambala zina zonena mbali ndi malo enieni. Zolembedwa zonena bwino malo, kukula ndi maonekedwe zidzasamuka mosavuta. Pitirizani ndi mndandanda umene malo anu a ntchito akutsata kufikira unduna utalamula zina.

Ndine wodwala, ndipo ndaona R91 pa pepala langa. Kodi ndili ndi khansa?

Nambalayi sikunena kuti muli ndi khansa, ndipo sikunenanso kuti mulibe. Ikunena kuti pa chithunzi chanu paoneka kanthu kofunika kukafufuza. Timabanga tambiri ta m'mapapo timapezeka kuti ndi zipsera za matenda akale, ndipo nthawi zina chimene chaoneka ndi mthunzi wa nsonga ya bere, wa nthiti imene inathyokapo, kapena wa batani la malaya.

Musachoke pa chipatala musanafunse adokotala mafunso atatu: chimene chaoneka chili mbali iti ndipo n'chachikulu bwanji, kuyeza kotsatira n'kotani, ndipo mubwerenso tsiku liti. Pemphani kuti mayankhowo alembedwe m'buku lanu la kuchipatala. Sungani chithunzicho pamalo ouma osachipinda, ndipo ngati chili pa kompyuta, pemphani lipoti lake kapena chilolezo chochijambula ndi foni. Mukapita ku chipatala china, kaya ku Queens kaya ku chipatala cholipira, nyamulani buku lakale lomwe, ngakhale litadzaza ndipo mwagula latsopano. Ngati munamwapo mankhwala a TB, nenani chaka chake asanakufunseni. Ndipo mukayamba kutsokomola magazi, kubanika, kutentha thupi usiku kapena kuonda tsiku lobwereranso lisanakwane, musalidikire tsikulo, pitani kuchipatala pomwepo.